Madzi a pa Mwezi: chipangizo chilichonse chinaona akeake

Mu 2009 nkhani yoti pa Mwezi papezeka madzi inalengezedwa kawiri pasanathe miyezi iwiri. Pa 24 Seputembala asayansi anati chipangizo china chomwe chinali pa Chandrayaan-1, chombo cha dziko la India, chaona zizindikiro za madzi m'dothi la Mwezi. Pa 13 Novembala bungwe la NASA linati lapeza madzi m'dzenje la kumwera kwa Mwezi lotchedwa Cabeus. Nkhaniyi inatulukanso mu 2018, kenako mu 2020. Munthu woitsatira pawailesi angafunse kuti kodi madzi omwewa apezeka kangati, ndipo sanalakwe kufunsa. Yankho n'lakuti sanali madzi amodzimodzi. Chipangizo chilichonse chinkayang'ana pamalo pakepake, m'njira yakeyake, komanso pa kuya kwakekwake. Chimodzi chimangoona pamwamba penipeni pa fumbi, china chimamva za pansi mita imodzi, china chimalowa mamita angapo. Zomwe zinaonazo sizigwirizana paliponse, ndipo pa kusagwirizanako m'pamene pagona nkhani yonse.

Kwa zaka pafupifupi 40 asayansi ambiri ankati Mwezi ndi wouma gwa, ndipo anali ndi zifukwa zomveka. Pakati pa 1969 ndi 1972 maulendo 6 a Apollo, omwe anafikitsa anthu a ku America pa Mwezi, anabweretsa miyala ndi dothi zolemera makilogalamu 382. M'miyalamo munalibe dongo kapena zinthu zina zomwe zimapangika mwala ukakhalitsa ndi madzi, koma munali tizitsulo ting'onoting'ono tosachita dzimbiri. Kachinyezi kochepa komwe kankaoneka poyeza ankati kalowa konkuno, poti fumbi la ku Mwezi linalepheretsa ena mwa mabokosi onyamulira miyalayo kutsekeka bwinobwino. Nawo Mweziwo sulola madzi kukhala. Kulibe mpweya wouphimba, masana chapakati pake kumatentha mpaka madigiri 120, ndipo madzi oundana akawombedwa ndi dzuwa amasanduka nthunzi osadzera n'kusungunuka komwe. Kuwala kwa dzuwa kumaswa nthunziyo, haidrojeni, yemwe pamodzi ndi okosijeni amapanga madzi, n'kuthawira m'mlengalenga chifukwa mphamvu yokoka ya Mwezi ndi yochepa kasanu n'kamodzi poyerekeza ndi ya dziko lathuli.

Komabe kale mu 1961, Apollo asanapite, Kenneth Watson, Bruce Murray ndi Harrison Brown a ku Caltech, sukulu yaukachenjede ya ku America, anali ataloza malo amodzi omwe madzi angabisale. Dziko lathu linapendekeka madigiri 23.5, n'chifukwa chake dzuwa limasuntha ndi nyengo. Mwezi unapendekeka digiri imodzi ndi theka basi. Choncho ku nsonga zake, kumpoto kwenikweni ndi kumwera kwenikweni, dzuwa silikwera. Limangozungulira m'munsi chaka chonse. Amene anafikapo kumunda dzuwa likungotuluka amadziwa kuti pamwamba pa mizere pamawala pomwe pakati pa mizere pakadali mthunzi. Ku nsonga za Mwezi dzuwa limakhala pomwepo mpaka kalekale, ndiye pansi pa maenje akuya sipafika kuwala kwake ngakhale tsiku limodzi. Malo akazizira kupitirira madigiri 163 pansi pa ziro, madzi oundana amatha kukhalapo zaka mabiliyoni osauluka. Kamolekyu ka madzi kakagwera m'malo otere sikatulukanso.

Woyamba kuyesa ganizoli anali Clementine, chombo cha America cha mu 1994. Chinawomba mafunde a wailesi m'maenje a kumwera, mafundewo n'kubwerera ku tinyanga ta padziko pano, ndipo paulendo umodzi wozungulira anabwerera m'njira yofanana ndi momwe amachitira akagunda madzi oundana. Akatswiri a ku Arecibo, ku Puerto Rico, atayang'ana ndi radar yawo, chipangizo chowomba mafunde a wailesi n'kumvetsera obwerera, anapeza chizindikiro chomwecho ngakhale pamalo owala dzuwa, pomwe madzi oundana sangakhale. Ndiye kuti miyala yokhakhala ikhozanso kuchipereka. Vuto limeneli la radar lilipobe mpaka lero, ndipo tilipezanso kutsogoloku.

Mu 1998 kunapita Lunar Prospector, ndipo njira yake ndiyofunika kuimvetsa bwino chifukwa ndi yomwe imamva za pansi pa dothi. Usana ndi usiku Mwezi umawombedwa ndi tinthu tothamanga kwambiri tochokera kutali m'mlengalenga. Tikagunda maatomu a m'dothi timathothola tinthu tina totchedwa neutron. Ma neutron amenewa amagundagunda maatomu ena asanatulukire kunja. Akagunda atomu yolemera, monga ya chitsulo kapena ya silikoni, amangodumpha liwiro lawo osachepa kwenikweni. Koma mtima wa atomu ya haidrojeni umalemera pafupifupi chimodzimodzi ndi neutron, kotero zikagundana neutron imataya liwiro lochuluka nthawi imodzi. Chombo chikamadutsa pamwamba n'kuwerenga ma neutron a liwiro lapakatikati, chimapeza kuti achepa pamalo pomwe pali haidrojeni wambiri. Lunar Prospector inapeza kuchepa kotereku ku nsonga zonse ziwiri. Njirayi imafika pafupifupi mita imodzi pansi, koma ili ndi zofooka ziwiri. Imaona mwachimbuuzi, dera la makilomita makumi angapo nthawi imodzi, ndiponso imaona haidrojeni, osati madzi. Haidrojeniyo akhoza kukhala m'madzi oundana, akhozanso kukhala womatirira ku fumbi payekha. Pa 31 Julayi 1999 anachigwetsa dala chombocho m'dzenje la kumwera lomwe pano limatchedwa Shoemaker, poyembekeza kuti pafwamphuka nthunzi. Palibe chomwe chinaoneka.

Chandrayaan-1 chinanyamuka ku Sriharikota pa 22 Okutobala 2008, ulendo woyamba wa India wa ku Mwezi. Chinanyamula zipangizo 11, zisanu za India, zotsalazo za ku America ndi ku Ulaya. Chinayenera kugwira ntchito zaka ziwiri koma chinavutika ndi kutentha, tizipangizo tochiwongolera poyang'ana nyenyezi tinafa, mu Meyi 2009 anachikweza kuchoka pa makilomita 100 kufika pa 200, ndipo kumapeto kwa Ogasiti chinasiya kuyankha. Chinagwira ntchito masiku 312. Ena panthawiyo anauona ulendowu ngati wolephera. Ine ndimauika pakati pa maulendo opindulitsa kwambiri a ku Mwezi chichokereni Apollo, chifukwa cha chipangizo chimodzi chotchedwa Moon Mineralogy Mapper, mwachidule M3, chomwe chinapangidwa ku Jet Propulsion Laboratory motsogozedwa ndi Carle Pieters wa ku Brown University.

M3 inapita kukajambula mapu a mitundu ya miyala. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yomwe timaiona mu utawaleza, kulinso ina yosaoneka ndi maso, monga infrared yomwe ili kupitirira kufiira. Chinthu chilichonse chimameza mitundu ina n'kubweza ina, ndipo mitundu yosowa pa kuwala kobwerako ndiyo imaulula chomwe chili pansi. Mitunduyi imayezedwa ndi kutalika kwa funde lake, m'ma micron, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Atomu ya okosijeni ikagwirana ndi ya haidrojeni, ziwirizo zimameza kuwala kwa ma micron apakati pa 2.8 ndi 3. M3 itayamba kutumiza zomwe yaona, kuwala kunali kosowa pamenepo, makamaka kumadera ozizira oyandikira nsonga, komanso pamalo owala dzuwa omwe aliyense ankati sipangakhale kanthu.

Gulu la Pieters silinathamangire kulengeza. M3 inkaona mpaka pa ma micron 3 basi, ndiye kuti chizindikirocho chinali kumathero kwenikweni kwa maso ake, pomwe chipangizo chimanama mosavuta. Kuwonjezera apo, dothi lotentha nalo limatulutsa infrared yakeyake chapompo, yomwe imakwirira chizindikiro cha madzi ngati siichotsedwa bwino powerengera. Anakhala miyezi akufufuza ngati vuto silili m'chipangizocho. Chomwe chinawamasula ndi zombo ziwiri zomwe sizinkapita n'ku Mwezi komwe. Cassini, popita ku Saturn, inayang'ana Mwezi mu 1999, ndipo Roger Clark atabwerera ku zomwe inajambula anapezamo chizindikiro chomwecho. Deep Impact, chombo chofufuza nyenyezi za mchira, chinauyang'ana mu Juni 2009, ndipo Jessica Sunshine ndi anzake anaona chizindikirocho chathunthu. Anaonanso china: chinali champhamvu m'mawa ndi madzulo a ku Mwezi, chofooka masana. Malipoti atatuwo anatuluka limodzi m'magazini ya Science.

Kusintha ndi nthawi ya tsikuko kunaloza gwero la madziwo, lomwe ndi dzuwa lenilenilo. Dzuwa limatulutsa mphepo ya tinthu ta haidrojeni tothamanga makilomita pafupifupi 400 pa sekondi. Dziko lathu lili ndi mphamvu ya maginito yotitchinjiriza, Mwezi ulibe, ndiye mphepoyo imafika mpaka pafumbi. Dothi la Mwezi, polemera kwake, magawo oposa 40 pa 100 alionse ndi okosijeni womangika m'miyala. Haidrojeni akalowa m'kanjere ka fumbi amagwirana ndi okosijeniyo n'kupanga hydroxyl, yomwe ndi okosijeni mmodzi ndi haidrojeni mmodzi, ndipo nthawi zina madzi enieni, omwe ali ndi haidrojeni awiri. Chipangizo china cha pa Chandrayaan-1, SARA, chomwe anapanga a ku Sweden mogwirizana ndi a ku India, chinapeza kuti pa tinthu tisanu tilitonse ta mphepoyo kamodzi kamadumpha n'kubwerera m'mlengalenga. Tambiri timalowa m'fumbi.

Apa m'pofunika kuchepetsa chimwemwe. Infrared imaona mamilimita ochepa a pamwamba basi. Kuchuluka kokwera kwambiri komwe kunatchulidwa mu 2009 kunali magawo 1,000 pa miliyoni, kutanthauza lita imodzi pa tani imodzi ya dothi. Ngati chinyezicho chili m'mamilimita awiri a pamwamba okha, kuti upeze tani imeneyo uyenera kupala fumbi pamalo a masikweya mita oposa 300. Si madzi oti angaoneke kapena kukhudzika. Ndi mamolekyu omwazikana, omatirira ku fumbi louma kuposa mchenga wa m'chipululu cha Sahara. Ndiponso pa ma micron 3 hydroxyl ndi madzi zimaoneka mofanana. Funso limenelo linayankhidwa mu Okutobala 2020 ndi SOFIA, telesikopu yomwe inkaulukira m'ndege ya Boeing 747 pamwamba pa nthunzi ya mumpweya wathu. Casey Honniball ndi anzake anayang'ana pa ma micron 6, pomwe madzi enieni okha ndiwo amaonekera, ndipo anawapeza kudera la dzenje la Clavius, pamalo owala dzuwa, magawo 100 mpaka 412 pa miliyoni. Ganizo lawo n'lakuti madziwo anatsekeredwa m'timagalasi topangika miyala ing'onoing'ono ikagunda Mwezi, kapena abisala pakati pa tinjere ta fumbi.

Chandrayaan-1 chinaponyanso kachombo kakang'ono pa 14 Novembala 2008, komwe kanakagwa pafupi ndi dzenje la Shackleton, ku nsonga ya kumwera. Potsika kwa mphindi pafupifupi 25, chipangizo chake cha CHACE chinanunkhiza madzi m'kampweya kochepetsetsa kozungulira Mwezi. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2010. Chovuta chake n'choti chombo chilichonse chimanyamula chinyezi chochokera kuno, chomwe chimatuluka pang'onopang'ono m'mlengalenga, ndipo kusiyanitsa chinyezi chimenecho ndi cha Mwezi si ntchito yapafupi.

Amenewo ndi madzi a padzuwa. A mumdima ndi nkhani ina, ndipo mwini wake ndi Lunar Reconnaissance Orbiter, mwachidule LRO, chombo cha NASA chomwe chinanyamuka pa 18 Juni 2009. Zipangizo zake zinakonzedwa kuti zione mopanda dzuwa. Diviner imayeza kutentha komwe nthaka imatulutsa. Inapeza madigiri 238 pansi pa ziro m'maenje a kumwera, kenako 247 pansi pa ziro m'dzenje la Hermite kumpoto, kuzizira koposa kwa pa Pluto. LOLA imawomba laser ka 28 pa sekondi n'kuyeza nthawi yomwe kuwala kumatenga kuti kubwerere, ndipo mwa njira imeneyi inajambula mapiri ndi zigwa za mumdima, n'kupangitsa kuti asayansi athe kuwerengera molondola malo omwe dzuwa silifika. LAMP ndiyo imandisangalatsa kwambiri: nyali yake ndi kuwala kofooka kwa ultraviolet, mtundu wina wosaoneka ndi maso, kochokera ku nyenyezi ndi ku haidrojeni wobalalika pakati pa mapulaneti, komwe kumagwa paliponse, ngakhale pansi pa dzenje. LEND, yopangidwa ku Moscow motsogozedwa ndi Igor Mitrofanov, imawerenga ma neutron ngati Lunar Prospector.

Roketi yomwe inanyamula LRO inanyamulanso LCROSS, ndipo kuyesa kumeneku ndi kokhako komwe kunakumbadi mumdimamo n'kuona zotulukamo. Gawo lapamwamba la roketiyo, Centaur, lolemera makilogalamu pafupifupi 2,300 lili lopanda mafuta, analisandutsa chogumulira. Kwa miyezi pafupifupi inayi linkazungulira lili lolumikizidwa ku kachombo koliperekeza, uku akulitembenuzira kudzuwa kuti chinyezi chonse chochokera kuno chiume. Poyamba anasankha dzenje la Cabeus A, koma kutatsala masabata awiri anasintha n'kuloza Cabeus weniweniyo, dzenje la makilomita pafupifupi 100 m'mimba mwake, chifukwa ma neutron ankasonyeza kuti haidrojeni ngwambiri kumeneko.

Pa 9 Okutobala 2009, nthawi ili 1:31 masana ku Malawi, Centaur inagunda pansi pa Cabeus pa liwiro la makilomita 9,000 pa ola. Inakumba dzenje la mamita 25 mpaka 30. Fumbi linakwera kuchoka mumdima mpaka linafika podutsa kuwala kwa dzuwa, ndipo mphindi zinayi pambuyo pake kachombo koperekeza kaja kanadutsa momwemo, makamera asanu ndi zoyezera kuwala zili tcheru, kakutumiza zonse kudziko mpaka nako kanagunda pansi. Kumadzulo kwa America, komwe kunali kusanache, anthu ambiri anachezera ndi matelesikopu ndipo sanaone kanthu. Fumbilo linabisika kuseri kwa phiri, ndipo pa kanema zithunzi zinangoonetsa mdima. Umboni unali m'manambala a zoyezera kuwala: infrared inasonyeza nthunzi ndi tizidutswa ta madzi oundana, ultraviolet inasonyeza hydroxyl yomwe imapangika dzuwa likamaswa nthunzi. Anthony Colaprete wa ku Ames Research Center ndi gulu lake atamaliza kuwerengera mu 2010, anati zipangizo zinaona madzi okwana makilogalamu 155, ndipo dothi la pamalopo linali ndi madzi magawo 5.6 pa 100, nambala yomwe ikhoza kukwera kapena kutsika ndi 2.9. Tani imodzi ya dothi lotero ingapereke malita oposa 50. Munalinso hydrogen sulphide, amoniya, sulphur dioxide, carbon dioxide ndi methane, ndipo LRO, yomwe inadutsa chapafupi, inaona carbon monoxide ndi mercury.

Choncho ku Cabeus madzi oundana alikodi, palibe wokayika. Chodabwitsa n'choti radar itayang'ana ku Cabeus komweko sinaone chizindikiro cha madzi oundana ochindikala. Radar imalowa mamita angapo pansi, ndipo imazindikira bwino madzi oundana akakhala chimulu chachikulu choyera, chifukwa mafunde amagundagunda mkati mwake n'kubwerera asanatembenuke momwe amatembenukira akagunda nthaka wamba. Madzi akakhala tinjere tosakanikirana ndi fumbi, radar imadutsa osawaona. Izi zikusonyeza kuti a ku Cabeus ndi otero.

Kwina radar inaona chizindikiro, koma tanthauzo lake n'lokanganirana. Mu Malichi 2010 gulu la Paul Spudis, pogwiritsa ntchito Mini-SAR ya pa Chandrayaan-1, linati maenje ang'onoang'ono oposa 40 a kumpoto ali ndi chizindikirocho mkati mokha, kunja ayi. Dzenje latsopano limakhala ndi miyala yokhakhala mkati ndi kunja komwe, ndiye iwo anati awa ayenera kuti muli madzi oundana, ndipo anawerengera matani 600 miliyoni. Nambala imeneyi yayenda kwambiri, ndipo imatchulidwa ngati kuti wina anaiyeza pasikelo. Inachokera pa kuganiza kuti chizindikiro chonsecho ndi cha madzi oundana ochindikala mamita angapo. Pambuyo pake ofufuza ena anapeza maenje a chizindikiro chomwecho kutali ndi nsonga, pamalo otentha, pomwe chifukwa chake chingakhale miyala yogumuka m'makoma a dzenje basi.

Shackleton, dzenje la makilomita 21 m'mimba mwake ndi oposa 4 kuya, lomwe lili pa nsonga ya kumwera penipeni, likuonetsa bwino kusagwirizanaku. Kamera ya Kaguya, chombo cha Japan, inasuzumiramo pogwiritsa ntchito kuwala kochepa kochokera m'makoma ake, ndipo mu 2008 lipoti linati pansi pake palibe madzi oundana oonekera. Mu 2012 Maria Zuber ndi anzake anapeza kuti laser ya LOLA ikubwerera yowala kwambiri kuchokera pansi pa dzenjelo kuposa m'maenje oyandikana nalo. Zimenezi zikhoza kutanthauza madzi oundana okwana magawo 22 pa 100 m'micron imodzi ya pamwamba, koma iwo eni anati kuwalako kukhozanso kubwera chifukwa dothi la mumdima silidetsedwa msanga ndi mphepo ya dzuwa, ndipo makoma, omwe ena amawombedwa ndi dzuwa, anali owala kuposa pansipo. LAMP inaona chisanu chopyapyala cha gawo limodzi kapena awiri pa 100 m'maenje ena. LEND inapeza haidrojeni wambiri ku Cabeus ndi ku Shoemaker, wochepa m'maenje ena ozizira chimodzimodzi, ndiponso wina pamalo omwe dzuwa limafika, mwina atakwiririka pansi pa dothi louma.

Umboni wachindunji wa madzi oundana oonekera pamwamba unachokeranso ku M3, patatha zaka 9 chombo chake chitafa. Shuai Li wa ku University of Hawaii anatenga zomwe M3 inajambula mumdima, zomwe ambiri ankaziona ngati phokoso lopanda ntchito, n'kufufuzamo kuwala kofooka kodumpha kuchokera m'makoma. Madzi oundana amameza kuwala pa ma micron 1.3, 1.5 ndi 2.0, ndipo zitatuzi zikaonekera pamodzi sangakhale hydroxyl kapena mwala. Mu 2018 anazipeza, m'malo ozizira a kufupi ndi nsonga zonse ziwiri, koma pa magawo 3.5 okha pa 100 a malo ozizirawo, mwa apo ndi apo. Li yemweyo mu 2020 anapezanso m'zojambula za M3 mwala wa hematite, womwe ndi mtundu wa dzimbiri, kumadera oyandikira nsonga, makamaka mbali yoyang'ana kuno. Ganizo lake n'lakuti okosijeni wochokera pamwamba pa mpweya wa dziko lathu amafika ku Mwezi masiku omwe uli wathunthu.

Nambala ya 3.5 ija njofunika kwambiri ukaiyerekeza ndi Mercury. Pulaneti imeneyo ili pafupi kwambiri ndi dzuwa, masana imatentha kupitirira madigiri 400, koma radar kuyambira mu 1991, kenako chombo cha MESSENGER, zinapeza madzi oundana ochindikala, oyera, odzaza maenje ambiri a mumdima. Mwezi uli ndi malo ozizira ochuluka, okwana mwina masikweya kilomita 40,000 malinga ndi kuwerengera kwa Paul Hayne ndi anzake mu 2020, komabe ambiri mwa malowo amaoneka opanda kanthu. Kuzizira pakokha sikubweretsa madzi. Payenera kukhala gwero, ndiponso nthawi.

Magwero omwe amatchulidwa ndi atatu. Nyenyezi za mchira ndi miyala ya m'mlengalenga yokhala ndi madzi zakhala zikugunda Mwezi kuyambira kale. Mphepo ya dzuwa imapanga chinyezi tsiku ndi tsiku, ndipo china chikhoza kumadumphadumpha mpaka kukagwera kozizira. Lachitatu ndi mkati mwa Mwezi momwe. Mu Disembala 1972 Harrison Schmitt wa Apollo 17 anapalasa fumbi m'mphepete mwa dzenje la Shorty n'kuona dothi lofiirira ngati lalanje, lomwe linali timikanda tagalasi totuluka m'ziphalaphala zakale. Mu 2008 Alberto Saal, ndi zoyezera zamakono, anapeza madzi mkati mwa timikanda totere ta Apollo 15 ndi 17, ndipo mu 2011 Erik Hauri anapeza kuti timadontho ta chiphalaphala totsekeredwa m'miyala ya m'dothi lomwelo tili ndi madzi ofanana kuchuluka ndi a m'ziphalaphala za pansi pa nyanja zathu. Ziphalaphala zomwe zinapanga madera akuda omwe timawaona pa Mwezi ziyenera kuti zinatulutsa nthunzi yambiri zaka zoposa 3 biliyoni zapitazo.

Tsono nthawi ndiyo ikusokoneza. Maenje a mumdimawa sanakhale mumdima chiyambire. Mu 2016 Matthew Siegler anaona kuti haidrojeni wa ku nsonga sali pa nsonga penipeni pokha: pali mulu wina wosunthira pambali madigiri pafupifupi 6 kumpoto, ndi wina wosunthira mbali yotsutsana nayo kumwera, ngati kuti nsonga zinali pamenepo kalekale Mwezi usanatembenuke pang'ono. Mu 2023 Norbert Schörghofer ndi Raluca Rufu anawerengera kuti kale Mwezi unali wopendekeka kwambiri, kuti mdima wamuyayawu unayamba zaka zosapitirira 3.4 biliyoni zapitazo, ndipo pomwe Centaur inagwa panalowa mumdima zaka zosakwana biliyoni imodzi zapitazo. Ngati zili choncho, nthunzi yambiri ya ziphalaphala ndi ya kugundidwa kwakukulu koyambirira inafika kulibe pobisala, ndipo madzi angakhale ochepa kuposa momwe ambiri amayembekezera.

Izi si za m'mabuku chabe. America, China, India ndi ena akuloza ku nsonga ya kumwera chifukwa madzi ndi akumwa, komanso akaswedwa ndi magetsi amapereka okosijeni wopuma ndi haidrojeni woyendetsera roketi. Koma makina okumba chimulu cha madzi oundana ndi osiyana kotheratu ndi makina owotcha matani a fumbi kuti atulutse nthunzi, ndipo onsewo ayenera kugwira ntchito mumdima, pa madigiri oposa 200 pansi pa ziro. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'choti mapulani okumba akuthamanga kuposa kufufuza. Madzi amenewa ndi mbiri ya zomwe zakhala zikugwa m'dera lathu la mlengalenga, kuphatikizapo zomwe zinagwa padziko lino, ndipo utsi wa roketi iliyonse yotera chapafupi uli ndi nthunzi yomwe ingakagwere m'maenje momwemo n'kusokoneza mbiriyo isanawerengedwe.

Kuyang'ana kuchokera kumwamba kukupitirira. Danuri, chombo cha South Korea cha mu 2022, chinanyamula kamera ya NASA yotchedwa ShadowCam, yomwe imaona mumdima kuposa kamera ya LRO nthawi 200, ndipo yajambula miyala ndi njira zomwe miyala inagubuduka pansi pa maenje omwe sanaonekepo. Koma kufika pansi kwavuta. Chandrayaan-3 inatera pa 23 Ogasiti 2023 cha pa madigiri 69 kumwera, pamalo owala dzuwa, makilomita mazanamazana kuchokera ku nsonga. NASA inaimitsa VIPER, kagalimoto kokhala ndi chobowolera cha mita imodzi, mu Julayi 2024 katamangidwa kale. Mu Malichi 2025 chombo cha Athena chinatera pafupi ndi nsonga ya kumwera chitanyamula chobowolera china, koma chinagwa chammbali ndipo sichinabowole. Lunar Trailblazer, yomwe inanyamuka pa roketi yomweyo ili ndi chipangizo cholowa m'malo mwa M3 chotha kusiyanitsa hydroxyl, madzi ndi madzi oundana, inasiya kuyankha itangonyamuka.

Dziko la China linakonza chombo chotchedwa Chang'e-7 kuti chinyamule kachombo kodumpha, kotha kuchoka padzuwa n'kukatera pansi pa dzenje la mumdima ndi chipangizo choyezera madzi m'dothi. Muyeso umodzi womwe ungathetse mkangano wa magwero uja ndi wa deuterium, haidrojeni wolemera. Mphepo ya dzuwa ilibe deuterium kwenikweni, miyala ya m'mlengalenga yokhala ndi madzi ili naye wofanana ndi wa m'nyanja zathu, ndipo nyenyezi za mchira zambiri zili naye woposerapo. Kuti muyesowu utheke, pafunika kutapa dothi lozizira lija, kulitsekera lisanataye nthunzi, kuliwotcha, n'kuwerenga maatomu otulukamo.